Denga Lomwe Sindinajambule

Lolemba, 4 Ogasiti

Chigwa chasowa.

Ndilembe bwinobwino, mmene ndingawafotokozere amayi pafoni, kuti mawa ndisadzati ndimalota.

Kwazari wanga. Chigubu, mnzanga wa mu ofesi, anamutcha Chimphepo. Pakati pa mlalang'amba wakutali zedi pali dzenje lakuda lomwe likumeza mpweya. Mpweyawo usanamezedwe umazungulira, n'kutentha, n'kuwala kuposa nyenyezi zonse za mlalang'ambawo. Ameneyo ndiye kwazari. Koma si wonse umalowa m'dzenjemo. Wina umakankhidwa ndi kuwala komweko, n'kuthawa ngati mkuntho, makilomita masauzande pa sekondi imodzi. Mkunthowo ukakhala pakati pa ife ndi kwazari, kaboni wa mmenemo amamwa mbali ina ya kuwala kwa alutiravayoleti, komwe timangoti yuvi. Ukamwaza kuwalako ngati utawaleza n'kujambula girafu, pomwe pamwedwa pamaoneka chigwa. Chigwa cha Chimphepo ndakhala nacho chaka chathunthu. Ndimachidziwa kuposa nkhope yanga.

Lero m'nkhokwe ya telesikopu mwalowa zatsopano za Chimphepo, zija aliyense amatha kutenga. Kutsitsa. Kuponya mu pulogalamu. Kupita kokawiritsa tiyi. Pobwera, mzere wosalala ngati tebulo. Chigwa palibe.

Chigubu anasuzumira, chigubu chake cha madzi chili kukhwapa monga mwa masiku onse. "Mwamuna wako wathawa," akutero. Kenako anasiya kuseka, anakoka mpando.

Pa 22 ndiyankhula pa kompyuta ndi gulu lija la ofufuza a kunja. Malo amodzi a digiri ya udokotala. Ofuna ndife gulu. Mpaka m'mawa uno ndinalibe chowaonetsa, koma zakale zomwe aliyense anaziona. Tsopano ndili ndi mphepo yomwe yazimirira ndikuyang'ana.

A Profesa kulibe. Msonkhano. Nthawi zonse msonkhano.

Lachitatu, 6 Ogasiti

A Profesa, a Tidikire. Dzinali sindinawapatse ndine, ndinalipeza, koma ndani angatsutse?

Ndawatengera laputopu ku ofesi kwawo. Sanafune n'komwe kuyang'ana pa sikirini. "Mwasindikiza?"

Mwambo wawo uja. Girafu iliyonse isindikizidwe yaiwisi, pulogalamu isanaikhudze. Imatidwe pakhoma la m'khonde. Munthu ubwerere cham'mbuyo mpaka pakhomo la kalasi, uime, uyang'ane. Kenako pensulo, ujambule denga ndi dzanja. Denga, kutanthauza mzere wosonyeza pomwe kuwala kukanafika pakanapanda mpweya wokumwa. Popanda denga sudziwa kuti chigwa chazama bwanji. Zoona. Koma pulogalamu imajambula dengalo munthu usanaphethire! Imayeza pamalo oyera, pomwe sipamwedwa, n'kulumikiza, n'kusalaza zonse. Dziko lonse likuchita choncho. Ife tokha ndi pensulo.

Ndipo pulinta ilibe inki kuyambira mu Juni. Inki ikudikira siginecha ya munthu amene ali pa tchuthi. Mwina nayenso akudikira wina.

Ndinati nthawi yatha, a Profesa. Iwo: "Kuwala kumeneko kwayenda zaka mabiliyoni kuti kukupezeni, a Liwiro. Sabata ziwiri sizikupha. Tidikire kaye."

A Liwiro. Dzina lomwe amanditchula, amaona ngati ndimasangalala nalo.

Chigubu ali pa digiri imodzi chaka chachisanu ndi chimodzi. Anabwera ali ndi tsitsi. Chaputala chake chomaliza chili pa tebulo la a Profesa, pansi pa kapu. Masana wandiuza zomwe ndinkangomva m'mphekesera. Kale a Profesa anaona chigwa chatsopano chikubadwa pa kwazari wina, iwo oyamba padziko lonse. Anadikira kuti atsimikize. Anadikiranso. Ena kunja anasindikiza. Pepala lawo likadali m'kabati, lachita chikasu.

Ine ayi. Ine sindidzachita chikasu m'kabati ya munthu.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Ekisireyi. Ndinaganiza kuti mphepo ikachoka, kuwala kwa ekisireyi nako kutuluka mwamphamvu, poti akwazari a mphepo chonchi amakhala ofooka kumeneko, mpweya umakubisa. Ndapeza zomwe telesikopu ya m'mlengalenga inajambula chaka chomwechi. Timadontho towerengeka. Wofooka ngati kale.

Mtima unagwa. Ola lathunthu ndikungoyang'ana ndowa yomwe timatchera pomwe pamadontha.

Kenako zinabwera zokha. Nanga ngati mipweya ili iwiri? Wina pafupi ndi dzenje, wokhuthala, womwa ekisireyi, ngati chishango. Wina kutali, wothamanga, womwa yuvi. Anthu akhala akunena zimenezi, kuti chishangocho n'chimene chimateteza mphepo kuti ekisireyi isaiwotche. Koma kuona wina atachoka, wina atatsala, pa kwazari mmodzi! Ndinaimirira, mpando mpaka kugwa. Chigubu: "Iwe, udzatiphera mipando, ndi yomweyi."

Kunyumba ndapeza azakhali. Amva kuti mwana wa mlongo wawo "ali ku ekisireyi", ndiye abwera ndi chithunzi cha bondo lawo mu envulopu. Ndinayesa kufotokoza. Anagwedeza mutu mpaka ndinamaliza, kenako: "Chabwino, koma bondoli ukuliona bwanji?" Ndinachiunika pawindo. Ndinati akaonane ndi dokotala. "Ndiye sukulu yonse ija?" Alamu anaseka mpaka kugwira mimba. Achimwene sanaseke.

Loweruka, 9 Ogasiti

Makina a alamu kuyambira m'mawa. Kalakala, kalakala, pafupi ndi mutu wanga. Chipinda chimodzi: ine, matiresi, makina osokera, mulu wa mayunifolomu a ana a sukulu. Ulusi m'tsitsi, ulusi m'kiyibodi.

Mimba yawo yakula. Mwana ndi wa mu Novembala. Palibe wanena kuti chipindachi chidzafunika. Alamu angoyeza khoma ndi tepi yawo dzana, akuganiza kuti ndagona.

Achimwene andiitana panja. Mnzawo wa shopu ya masola akufuna munthu wodziwa masamu. Angandidikire mpaka pa 25. "Kuwala n'komweko, mlongo wanga. Kusiyana kwake, uku amalipira." Sananene mwachipongwe, n'chimene chikuwawa. Anandiphunzitsa ndi iwowa. Sindingawayankhe mwano.

Ndinangoti ndamva.

Kuima kuseri kwa kauntala, kuwerengera anthu mababu. Ine amene ndaona mphepo ikuzima kumalekezero a thambo.

Ndatumiza mutu wa nkhani yanga kwa a kunja. Mphepo yasowa, chishango chatsala. Ndaika dzina la a Profesa pambuyo pa langa. Sindinawafunse. Chala chinadina chokha, kapena ndizinena choncho.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ayankha. Mayi wamkulu wa gululo, yemwe mapepala ake ndimawerenga ngati malemba. Akuti zachititsa chidwi kwambiri, andipatsa nthawi yoonjezera, aitananso anzawo awiri a ekisireyi kuti adzamve.

Imelo yomweyo yapitanso kwa a Profesa.

Tsiku lonse maso ali ku ofesi ya a Profesa. Khomo lawo lotseka. Ndadutsapo kangapo ngati ndikupita kuchimbudzi. Chigubu akuti ndiyambe kulongedza. "Koma usiye chowiritsira tiyi, n'cha tonse."

Pochoka ndapeza kapepala pa tebulo langa. Mawa m'mawa, ku ofesi kwawo.

Akandikalipira ndiwauza zonse. Za inki, za Chigubu, za pepala lachikasu. Ndakonzeka. Ndayeserera m'basi njira yonse, milomo ikuyenda, mayi wina mpaka anasuntha mpando.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Sanakalipe.

Ndinawapeza atakhala, manja pa tebulo, osachita kanthu. Msonkhano uja wa Lolemba la sabata yatha unali wokamba za iwo. Apuma pa ntchito mu Disembala, afune asafune. Chipinda chathu chidzakhala cha makompyuta a ophunzira za malonda. Zakuthambo zithera pa iwo. Ananena ngati akunena za nyengo.

Kenako: "Tandionetsani."

Pa sikirini. Iwo! Anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso. Ndinawaonetsa ya chaka chatha, chigwa chakuya. Ya chaka chino, tebulo. Ekisireyi yofooka pa zonse ziwiri. Ndinafotokoza za mipweya iwiri. Kapumidwe kawo komwe kanasintha, ndinakamva.

Funso limodzi lokha. "Denga mwaliona ndi maso anu?"

Ndinati eya.

Ndinaliona, eti. Pulogalamu inalijambula, ine ndinaona zotuluka zake. N'chimodzimodzi.

Anayang'ananso pa sikirini. Kenako anamenya tebulo pang'ono ndi chikhatho. "Ndiye tisadikirenso."

Nditamuuza Chigubu madzi anamutsamwa. Akuti ndibwereze. Akuti mawu amenewo akufunika kuikidwa m'felemu.

Ndapambana. Ndayenda wapansi mpaka kunyumba, osamva miyendo. Ndawagulira alamu malalanje.

Lachisanu, 15 Ogasiti

A Profesa avala tayi. Masiku awiri otsatizana.

Munthu wina uyu. Akukwera masitepe awiriawiri. Aimbira foni mnzawo wakale wa kunja, ndinamva kuseka kwawo kudutsa khoma, sindinadziwe kuti amaseka chonchija. Apita kwa mkulu wa dipatimenti kukamuuza kuti asafulumire kupereka chipindacho. Akufuna tipemphe nthawi pa telesikopu ya ekisireyi chishango chisanasunthe nacho. Iwo akundifulumizitsa ine!

Ndipo achotsa kapu pa chaputala cha Chigubu. Awerenga theka. Amuuza kuti sabata ya mawa amaliza, asaina. Chigubu watuluka mu ofesi mwawo maso ali ofiira, akuti ndi fumbi la m'mafayilo. Wandigwira mapewa: "Mlongo, ukapita kunjako ndidzakutumizira chigubu ichi, uzindikumbukira."

Masana a Profesa anatulutsa pepala lachikasu lija m'kabati. Anandionetsa. Denga lojambulidwa ndi pensulo, mzere umodzi wosadukiza, dzanja la munthu wachinyamata. "Apa ndinachedwa," basi. Analibweza.

Chinachake chikundikanda mumtima, sindikuchidziwa. Mwina kutopa.

Ndaganiza zowapatsa mphatso. Mawa ndikasindikiza Chimphepo ku shopu ya pamsewu, pa pepala lalikulu, yaiwisi, mmene amakondera. Adzamate pakhoma lawo. Adzapite nalo popuma.

Lamlungu, 17 Ogasiti

Ayi. Ayi ayi.

Masana. Onse apita kutchalitchi, ine ndinati mutu. Pepala linapindika m'chikwama, ndiye ndinalimata pakhoma pamwamba pa makina kuti liwongoke. Ndinagona pa matiresi, kumapeto kwa chipinda. Sindimaliyang'ana n'komwe. Maso anangopita okha.

Lonse laterera. Mbali yonse ya kumanzere yagwa ngati tenti yonyowa.

Pa sikirini sizimaoneka. Pa sikirini ndimayang'ana pafupi, kagawo kamodzi, komanso pulogalamu itasalaza kale. Patali chonchi, yaiwisi, mwana angaone.

Mphepo sinachoke. Yakula. Yatambasuka mpaka kufika pamalo oyera paja pomwe pulogalamu imayezera. Pulogalamu inafika, inapeza kuwala kochepa, n'kuganiza kuti ndiye denga lenileni limenelo. Inatsitsa denga mpaka pansi pa chigwa. Denga likagona pansi, chigwa chichokera kuti?

Ndinatenga pensulo ya alamu ndi rula yawo yaitali. Ndinajambula ndi dzanja, kuyambira kutali kumanja komwe kuli koyeradi. Kawiri, katatu, mosiyanasiyana, kufuna kuti ndilakwe. Nthawi zonse chigwa chilipo. Chosazama ngati kale, koma chotakata, chachikulu kuposa chaka chatha.

Ndiye ekisireyi ndi yofooka chifukwa palibe chachoka. Inkandiuza kuyambira tsiku lija. Ine ndinatenga chenjezo n'kulisandutsa chotulukira.

Mipweya iwiri! Mwina ilipodi iwiri. Koma Chimphepo sanandiuze zimenezo.

Alamu atabwera anandipeza nditakhala pansi, rula ili m'manja. "Alamu, mutu uja wafika pa rula?" Anayang'ana pakhoma. "Ndiye chibwenzi chanu chija ichi? Koma ndiye n'chowonda." Ndinaseka. Kenako sikunali kusekanso. Sanafunse. Anangotseka chitseko kuti achimwene asaone.

Lolemba, 18 Ogasiti

Sindinanene.

Pepala lili m'chikwama, lopindidwa. Tsiku lonse chikwama chili pamiyendo ngati wina andilanda.

A Profesa abwera ndi mabisiketi. Akonza chiganizo changa choyamba. Akuti ndisamayankhule mothamanga, ndizipuma pakati kuti chithunzi chiwalowe. Akufunsa ngati ndili ndi chovala chabwino.

Zomwe ndadziuza lero:

Palibe akudziwa. A kunja sadzaona yaiwisi pa nthawi yochepa ija. Akadzatulukira ndidzakhala ndili kale komweko, ndidzati ndalakwitsa, aliyense amalakwitsa. Pulogalamuyo si yanga, anthu ambiri amaigwiritsa ntchito. Mphepo zimazimiriradi pa akwazari ena, zinalembedwa, sindikupeka chinthu chosatheka. Chigubu asainiridwe kaye. Mkuluyu apume ali ndi kena kake.

Zonsezi n'zoona. Ndiye bwanji chakudya chikukana kutsika?

Nkhokweyo ndi ya aliyense. Mayi uja akhoza kutsitsa yekha, kapu ya khofi ili m'manja. Mwina watsitsa kale. Mwina n'chifukwa chake waitana anzake.

Ayi, sindikuopa kugwidwa kokha. Ndikanakonda zikanakhala zimenezo, zikanaphweka. Ndi Chimphepo. Chaka chonse ndimati ndimamudziwa. Wakula pamaso panga, ine ndikulengeza kuti wafa.

Achimwene afunsa ngati ndaganiza za pa 25. Ndinati Lachisanu lidutse kaye.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Dzulo sindinapite. Ndinazungulira m'tauni, ndinakaima kutsidya kwa shopu ya masola. Ndi yaukhondo. Muli fani. Mtsikana wa pa kauntala amaseka ndi kasitomala. Anthu amakhala moyo mmenemo, samafa.

Lero ndinalawirira. Ndinamata pepala pakhoma la m'khonde, pamalo pawo paja pomwe penti inachoka ndi zomatira za zaka zonsezi. Ndinafufuta mizere yanga yonse. Atafika ndinati, a Profesa, taimani pakhomo la kalasi.

Anamwetulira, akuganiza kuti ndi mphatso. Inalidi mphatso.

Anaima. Ndinawayang'ana nkhope, osati pepala. Sizinawatengere nthawi. Kumwetulira kunatsala pakamwa pokha, m'maso mutachoka kale.

Ndimayembekezera ukali. Ndimayembekezera "ndinakufunsani". Ndinali nditakonzeka kugwada.

Anayandikira, anatulutsa pensulo m'thumba la malaya. Anaika nsonga pa pepala, kumanja. Anayamba bwino. Atafika pomwe layamba kuterera, dzanja linaima. Kenako linatsika. Linatsatira kuterera kuja, pang'onopang'ono, mmene pulogalamu inachitira.

"Denga ndi maganizo a munthu, a Liwiro," osandiyang'ana. "Wina akhoza kulidutsitsa apa. Fumbi limatha kuweramitsa kuwala chonchi. Tinganene kuti zikuoneka ngati. Sitikunama tikatero."

Iwo. Munthu amene anandibweza kasanu chaka chatha chifukwa cha denga lokwera ndi kachidutswa ka chikhadabo.

Ndinawayang'ana pachifuwa. Tayi yabuluu, yatsopano, mzere wa m'paketi ukuonekabe.

Ndikanangoti chabwino. Liwu limodzi. Profesa wanga wavomereza, ndine ndani ine? Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene limenelo, ndikulumbira.

Chomwe chinatuluka: "Tidikire kaye, a Profesa."

Anatembenuka. Anaseka kamodzi, kuseka koipa, ngati chifuwa. Anayang'ana mzere womwe anajambula, nthawi yaitali. Anatembenuza pensulo, anayamba kufufuta. Labala yawo inali youma, inangodetsa pepala. Pensuloyo anaisiya pawindo. Analowa mu ofesi, anatenga chikwama, anatsika masitepe limodzilimodzi.

Chigubu anamva zonse ali pakhomo. Chaputala chake chatsala pa tebulo la a Profesa, chotsegula pakati. "Sabata imodzi, iwe. Moyo wako wonse umathamanga, lero lokha sukanadikira sabata imodzi?" Sanandiyankhulenso. Chigubu chake wachiiwala pa tebulo langa.

Ndalembera mayi wa kunja. Mutu wasintha. Mphepo sinasowe, yakula, ndipo inanamiza pulogalamu ndi ine ndemwe. Ndawauza kuti anzawo a ekisireyi mwina asavutike kubwera.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Yankho la mzere umodzi. Alandira, tionana mawa. Sindikudziwa kuti liwu lake ndi lotani. Ndaliwerenga mokoma, ndaliwerenga mozizira, lonse likukwana.

A Profesa sanabwere. Foni yawo ikungoitana.

Ndakonza zithunzi zonse mwatsopano. Zatsala zochepa, zosaoneka bwino. Chigwa chotakata, ekisireyi yofooka, zogwirizana, zosadabwitsa aliyense. Ena mawa abwera ndi zinthu zonyezimira. Ine ndibwera ndi kulakwitsa kwanga nditakuchapa.

Funso limodzi likundisowetsa mtendere. Pa zigwa zomwe anthu amati zinasowa, palibe china chomwe chinangomezedwa chonchi? Sindikudziwa. Mwina palibe, mwina ena amasamala kuposa ine. Ndikufuna nditsitse zonse lero lomwe, ndisindikize, ndidzaze khonde lonse mpaka kuchimbudzi. Ndaliika pa chithunzi chomaliza, funso lokha, lopanda yankho. Ndalichotsa. Ndalibwezeranso.

Alamu andisokera kolala ya bulauzi yomwe inatha. Akuti pa kompyuta amaona kumtunda kokha, siketi ndivale iliyonse. Achimwene asita malaya awo, kenako asitanso bulauziyo. Pa 25 sanatchulepo. Ine ndi amene ndikuitchula mumtima.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Mu ofesi. Ndafika molawirira kwambiri, palibe chochita, ndiye ndikulemba.

Chigubu wabwera. Moni sanapereke. Wachotsa ndowa kuti isaoneke kumbuyo kwanga, wayesa intaneti, wandiikira madzi m'kapu kuchokera m'chigubu chake. "Ukayamba kuthamanga ndikuponyera chivindikiro." Basi. Wakhala pakona, nkhope kukhoma.

Chaputala chikadali chotsegula pa tebulo lija. Ndachiona pa galasi la chitseko.

Pepala likadali m'khonde, ndi mzere wawo wodetsedwa. Ndinafuna kulichotsa. Ndalisiya. Ndinaika labala yatsopano pawindo, pafupi ndi pensulo yawo. Sindikudziwa chifukwa chake.

Mayina ayamba kuoneka pa sikirini. Mayi uja. Anzake awiri a ekisireyi abwerabe. Kudzaona chiyani?

Ndikubwereza mumtima. Chiganizo choyamba: ndinakulonjezani mphepo yomwe yasowa, ndabwera ndi mphepo yomwe yakula. Ndipume. Chithunzi chiwalowe.

Wina akukwera masitepe. Limodzilimodzi. Wafika m'khonde. Sanabwere kuno, waima. Pakhomo la kalasi, ndikudziwa pomwe thabwa limalira.

Akuyenda tsopano, kupita kukhoma. Chigubu watembenuka, akundiyang'ana. Ndikumva labala pa pepala.

Kamera yayaka. Mayi uja akutchula dzina langa, akuti ngati ndakonzeka ndi—